Nasuk, Mkazi wa Iqilan

Nasuk anabadwa ali kale pabanja. Agogo ake aakazi, a Nasuk, anamwalira chisanu chili pachimake, ndipo amuna awo, a Iqilan, anawatsatira mwezi usanathe, ati chifukwa panalibenso wowakalipira. Chaka chomwecho m'mudzi mwathu mwa Tuvak, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kumene nyanja imaundana, munabadwa ana awiri, onse aamuna, m'nyumba zoyandikana. Woyamba anamupatsa dzina la Nasuk, wachiwiri la Iqilan. Kwathu kuno dzina silifunsa kuti ndiwe mwamuna kapena mkazi. Limangofuna thupi lofunda loti lilowemo, ndipo likalowa limabwera ndi katundu wake yense: abale, zizolowezi, mbiri yabwino ndi yoipa, ngakhale mwamuna amene.

N'chifukwa chake bambo ake omubereka ankamuitana kuti amayi. Akalakwa sankamumenya, nanga munthu n'kumenya mayi ake? Ankangochonderera kuti, "Amayi, chonde tsikani padengapo, mugwa." Amayiwo, mamina ali chuchuchu, ankatsika akafuna.

Kusukulu mphunzitsi wachizungu anamupatsa dzina lina, Wilbur, loti azilemba pamakope. Tsiku lina mphunzitsiyo anamva anyamata awiri akulimbirana pensulo, wina akuti, "Bweza, mkazanga!" winayo akuti, "Sindibweza, mwamunanga!" Anawaimika aliyense pakona pake sabata yathunthu, n'kulembera makolo kalata. Makolowo anawerenga kalatayo n'kudabwa kuti mzunguyu akulowereranji nkhani za m'banja la eni ake.

Atakula ankasaka m'bwato limodzi lachikopa, Iqilan kutsogolo ndi mkondo, Nasuk kumbuyo ndi pakamwa. Iqilan anali munthu woti akanena mawu khumi patsiku ndiye kuti wabwebweta, choncho Nasuk ankalankhulira onse awiri. Tsiku limene Nasuk ankakwatira Loretta, abusa anafunsa ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwo. Iqilan anangotsokomola kamodzi, tchalitchi chonse n'kufa ndi phwete. Mpaka lero Loretta akatopa amati, "Ine ndiye ndinalakwa, ndinakwatiwa ndi mkazi wa mwini."

Awiriwa anali ndi nkhokwe imodzi yapansi, imene makolo awo anakumba m'nthaka youndana, yokhala ndi makwerero ndi chitseko cholemera pamwamba. Mmenemo nyama ya namgumi imakhala chaka osawola. Chaka china Iqilan analasa namgumi wamkulu, ndipo nyama ya phwando la mudzi wonse anaisunga mmenemo. Ndi chaka chomwecho chimene Loretta analetsa Nasuk fodya, dokotala atamva chifuwa chake chikuimba mluzu. Nasuk analumbira atagwira Baibulo, kenaka n'kusamutsira kachitini kake ka ndudu kunkhokwe. Masana ankatsikira mmenemo, kukhala pa nthiti ya namgumi n'kumasuta ngati bwana. Tsiku lina utsi unachuluka. Anaopa kuti nyama inunkha fodya n'kumuulula, ndiye potuluka anasiya chitseko chotsekula kuti mupite mphepo. Anati abweranso pakatha ola. Ola lisanathe kunayamba chimphepo cha chipale chimene chinatsekera anthu m'nyumba masiku atatu.

Chimphepocho chitatha, anthu anapeza mutu wa chimbalangondo utatulukira pakhomo pa nkhokwe. Chinalowa chowonda, chinadya masiku atatu, ndipo potuluka mimba inakana. Chinangokhala phee kumayang'ana anthu ngati mwini sitolo pazenera. Tinachipha n'kuchigawana, choncho nyama yathu tinadyabe chaka chimenecho, kungoti inayamba yadutsa mwa chimbalangondo.

M'nyumba iliyonse kwathu muli wailesi yolankhulirana, ndipo chimene wanena mmodzi amamva mudzi wonse. Anthu akufunsana pawailesipo kuti wasiya chitseko ndani, Nasuk anaona Loretta akumuyang'ana, pakamwa n'kuyankha mutu usanaganize: "Mwamunanga uja ndi woiwalaiwala, mukumudziwa." Mawu asanu okha basi.

Iqilan sanakane, sanavomerenso. Anthu anamutcha Wodyetsa Zimbalangondo. Amuna a m'bwato lake anasamukira kwa ena mmodzimmodzi, ndipo iye sanalasenso namgumi moyo wake wonse. Kuyambira tsiku limenelo sanalankhulenso ndi Nasuk. Nasuk naye, poona kuti munthu amene wamulakwira sakudandaula, anamupsera mtima koopsa, monga timachitira tonse.

Zinatero zaka khumi ndi chimodzi. Nkhani ikakhalapo inkadzera pawailesi. "Wina auze mkazi wanga kuti galu wake wamasuka." Patapita kanthawi: "Wina auze mwamuna wanga kuti ndamva." Nyumba zawo n'zoti ukaponya fupa kuchoka pakhomo lina limakagwera pa linzake. Ndinene mosabisa, Nasuk ankamusowa mnzakeyo kuposa fodya. Kangapo konse anavala nsapato kuti akaulule, koma akafika pakhomo ankapeza kuti kunja kukuzizira, ngati kuti kwathu kuno kunayamba kwafundapo.

Kenaka nyanja inayamba kudya manda akale a kunsonga kwa mtunda. Madzi ankachedwa kuundana, mafunde ankagumula gombe, ndipo anthu opita kukatola nkhuni zobwera ndi madzi ankakumana ndi makolo awo atatulutsa mwendo paphompho. Akuluakulu a mudzi anaitana ofukula zakale kuti awatole makolowo nyanja isanawamalize, awaone pang'ono, kenaka tikawaike kumtunda. Anabwera anthu asanu ndi mmodzi, wotsogolera ali Mayi Hagen, mzimayi wamtali wa mphuno yosupuka ndi mphepo. Anthu ozolika m'maenje tsiku lonse amafuna wowalondera kumbuyo, ndipo ntchito imeneyo anamupatsa Nasuk, wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri, maso akuchita nkhungu. Ati iye ndiye amadziwa kuwawa kwa chimbalangondo, poti mwamuna wake anachidyetsa nyama yake.

Ankakhala pa mgolo, mfuti pamwendo, khofi m'manja, kuonerera anthu ophunzira akukumba manda ndi supuni. Akatopa ndi supuni ankatenga burashi yotsukira mano.

"Mayi, ndikubwerekeni fosholo?" anafunsa tsiku lachitatu. "Pofika masana tikhala titamaliza."

"Ayi, bambo Wilbur. Tikafulumira titaya nkhani."

"Nkhani yanji? Anthuwa anafa. Nkhani ndi yomweyo."

Chilichonse chimene apeza ankachiika m'kathumba ka pulasitiki n'kulembapo pomwe chapezeka, kuti n'chiyani, ndi zaka zake. Mkanda, kathumba. Dzino la galu, kathumba. Tsiku lina mmodzi wa iwo anathamanga ndi kanthu kakuda akufuula mokondwa, ndipo Nasuk anasowa mtima womuuza kuti ndi ndowe ya nkhandwe ya sabata yatha.

Sabata yachinayi anafika pa manda ofunditsidwa ndi nsagwada za namgumi. Pansi pake panagona anthu awiri m'dzenje limodzi. Wina anali ndi nsonga ya mkondo pambali, wina chipeso cha mnyanga. Ndipo anali atafulatirana, msana ndi msana, aliyense kuyang'ana kwake.

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali m'kamwam'kamwa. Wailesi inatentha.

"Nasuk, akufukula!"

"Mwamva? Apeza a Nasuk ndi a Iqilan kumanda, sakulankhulana!"

"Iii, ndiye kuti zinayamba kale. Nanga kalelo anadyetsa chiyani?"

Mayi Hagen anabwereka wailesi kuti akonze zinthu. Anafotokoza mwaulemu kuti mafupawo ndi a zaka pafupifupi mazana asanu ndi anayi, ndipo palibe njira yodziwira maina awo. Pawailesi panamveka mawu a nkhalamba ina: "Mazana asanu ndi anayi! Ukwati wakhalitsa umenewo. Zikomo mayi, ife timayesa ndi wa dzana." Sikuti anthu ankangocheza. Maina awiriwa akhala akuyendera limodzi kuyambira kale loti palibe akukumbuka, ndipo Nasuk aliyense amakhala wa Iqilan. Mzimayiyo anali ndi makina oyezera zaka, koma ife tinali titawaona anthuwo akudutsana pasitolo osapatsana moni.

Akuluakulu anagamula kuti poti eni mafupa ali moyo, anene okha mmene akufuna kugonera kumanda atsopano. Msonkhano unachitikira pamphepete pa dzenje lomwelo. Iqilan anabwera atamukweza panjinga yamoto mdzukulu wake Verna, amene anali ndi pathupi potopa. Nasuk anali asanamuonere pafupi chaka chonse. Munthu amene kale anali wa mapewa otakata anali atatha, jekete likungolendewera.

Iqilan anasuzumira m'dzenje nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa Mayi Hagen.

"Mayi, tamufunseni mkazi wangayo ngati ali ndi mawu oti anene tisanagone."

Mayi Hagen, amene anaphunzira zaka khumi ndi ziwiri kuti adzagwire ntchito ina, anatembenuka n'kubwereza funsolo kwa munthu amene anaima pafupi naye moti akanamuponda phazi.

Khomo loti aulule linali limenelo, lotsekulidwa kale. Koma anthu makumi atatu anali tcheru, ndipo Loretta anali pakati pawo atapinda manja. Nasuk anamva pakamwa pake pakuyamba pokha.

"Muuzeni kuti aliyense bokosi lake. Zaka mazana asanu ndi anayi ndamva mkonono wake, zakwana. Ndipo pakati pakhale mtunda woti galu n'kuthamangapo."

Anthu anaseka mpaka ena kupukuta misozi. Iqilan anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva za nyengo. Kenaka anati, "Mayi, mungandigawireko kathumba kamodzi? Ndi cholembera chanucho." Anamupatsa, Verna n'kumutenga kupita naye kunyumba.

Anthu atabalalika, Mayi Hagen anamukodola Nasuk kuti atsikire m'dzenje. Anamulozera ndi burashi fupa la mkono wa mwini mkondo uja. Linali pansi pa khosi la mwini chipeso.

"Anthuwa anawaika atayang'anizana, bambo Wilbur. Uyu anatsamira mkono wa uyu. Nthaka ikamaundana n'kusungunuka chaka ndi chaka imakankha zinthu pang'onopang'ono. Ndi nthaka inawatembenuza. Mkono wokhawu ndi umene unakana kusuntha."

"Nthaka imadziwa chimene ikuchita," anatero Nasuk. Anabwerera pamgolo pake, ndipo tsiku limenelo chimbalangondo chikanabwera chikanadya onse asanu ndi mmodzi, chifukwa mlonda sankaona kanthu.

Anatsimikiza kuti apita kukaulula kwa Iqilan Lamlungu akatuluka m'tchalitchi. Lachisanu kunabwera ndege kudzatenga Iqilan kupita naye kuchipatala cha kutauni. Lolemba wailesi inalengeza kuti watisiya. Nasuk anamva ali pakati pa kudya, anaika mpeni pansi, n'kunena kuti, "Wina amuuze kuti..." Loretta anadikira, koma mawuwo sanathe.

Patatha masiku asanu ndi anayi Verna anabereka mwana wamkazi, ndipo panalibe chokambirana. Mwanayo anali Iqilan. Anthu anapita kukamulonjera monga timachitira: "Mwabweranso? Mwayenda bwanji?" Koma dzina limabwera ndi katundu wake yense, ndipo tsiku lomwelo wailesi inayamba.

"Tsekani nkhokwe, anthuni, Wodyetsa Zimbalangondo wabwerera!"

"Verna, mwanayo usamusiye pafupi ndi chitseko!"

Ankanena mocheza, koma nthabwala za kwathu sizikalamba. Kamtsikanako kakanapita nalo dzinalo kusukulu, kukula nalo, kukwatiwa nalo, n'kudzalisiyira wina.

Nasuk sanapite kukalonjera. Tsiku lachitatu Verna anabwera yekha, mwana ali kumsana m'kati mwa jekete, n'kuika kathumba ka pulasitiki patebulo.

"Agogo anati ndidzakupatseni akadzapita. Sindinatsekule."

M'kathumbamo munali kachitini ka ndudu, kadzimbiri, kobooka ndi mano akuluakulu awiri. Pachivundikiro pankaonekabe zilembo zimene Nasuk anazokota ndi msomali. Pakathumbapo Iqilan analemba bwinobwino, monga anaonera kwa ofukula aja:

Pomwe chinapezeka: pansi pa nkhokwe, tsiku la chimbalangondo.
Mwini wake: mkazi wanga.
Zaka: khumi ndi chimodzi.

Nasuk anawerenga katatu. Ndiye kuti munthu uja ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Akanatha kukweza kachitiniko pamaso pa mudzi wonse n'kubwezeredwa bwato lake, anthu ake ndi dzina lake. M'malo mwake anakasunga m'kabati n'kumadikira kuti mkazi wake abwere yekha. Akuluakulu amati mlandu suwola, ndiye kwathu kuno kumene ngakhale nyama siwola, mungayembekezere chiyani. Nasuk analira kulira koipa kwa nkhalamba, kopanda ndi mawu omwe.

Loretta anali kusukulu kumene amayi ankasoka nsalu zokulungira mafupa. Nasuk anapukuta kumaso n'kunena kuti, "Verna, ndipatse mwamuna wanga."

Anamulandira ndi dzanja limodzi, kanthu kopepuka kuposa bakha, kankhope kokwinyika ngati ka mwini dzina. Dzanja linalo anatenga wailesi.

"Tuvak, muli pompo? Ndine Nasuk. Pasapezeke wina wondiuzira, ndikulankhula naye ndekha. Mwamunanga, ukundimva? Chitseko chija ndinasiya ndine. Ndinkasuta fodya m'nkhokwe, utsi unachuluka, ndinatsekula kuti mupite mphepo. Iwe sunaiwale kanthu, sunayambe waiwalapo kanthu. Wodyetsa Zimbalangondo ndine. Amene akufuna kuseka aseke ine, mwanayu amusiye."

Mudzi wa anthu mazana atatu, woti ngakhale pamaliro sukhala chete, unasowa chonena. Kenaka pawailesi panamveka kuti khethe, ndi mawu a Loretta kuchokera kusukulu:

"Fodya, Wilbur? Inu munagwira Baibulo! Fodya?"

Nasuk sanamve n'komwe. Maso ake anali pa mwanayo, kudikira. Iqilan anayasamula, anatulutsa kamkaka pakona pa mlomo, n'kugona.

Mafupa aja tinawaika Loweruka lotsatira, kumtunda kumene nyanja sidzafikako msanga. Kalipentala anali atakhoma kale mabokosi awiri, koma Nasuk anamuuza kuti aphwasule akhome limodzi lalikulu. Anagwada yekha n'kuwagoneka moyang'anizana, Mayi Hagen akumulozera fupa lililonse malo ake, ndipo mkono uja anaubwezera pansi pa khosi. Mayi Hagen anafunsa kuti alembe chiyani m'buku lake pamalo a maina. "Lembani kuti sakudziwika," anatero Nasuk. "Ife tikuwadziwa."

Masiku ano anthu amamutcha Wodyetsa Zimbalangondo, ndipo amayankha. Mmawa uliwonse amavala nsapato, kaya kukuzizira bwanji, n'kuyenda kamtunda koponya fupa kaja. Amakhala pafupi ndi mwanayo n'kumamuuza za mphepo, za agalu, za amene wagula injini yoipa, monga ankachitira m'bwato. Mwanayo amangomuyang'ana osanena kanthu, ndipo Nasuk akuti pamenepo palibe chasintha.

Fodya, amene ankasutabe mobisa zaka zonsezo, anasiya tsiku lomwe anaulula lija, ndipo ulendo uno sanagwire Baibulo. Loretta amayesa kuti akuopa iye, tisamuuze. Nasuk anafunsa namwino kuti mwana amayamba liti kulankhula zomveka, namwino anati pa zaka ziwiri, ena zitatu, ndipo wa dzina limenelo mwina zinayi. Chifuwa chake chimaimbabe mluzu. Akungofuna kudzakhalapo tsiku limene mwamuna wake adzamuyankhe.